Mlongo Wanga Anavina Wopanda Chigoba

Mlongo wanga, wonditsatira kubadwa, anali munthu wolima. Sindikukometsa chifukwa choti anatisiya. Ndikanafuna kukometsa ndikanayambira nkhope yake, poti ndiyo inkafunika thandizo. Makutu ake anali otambalala ngati masamba a kabichi, ndipo maso ake ankaoneka ngati a munthu amene wangodzuka kumene, ngakhale dzuwa lili paliwombo. Koma khasu ankalidziwa. Kwathu kuno kumunsi kwa phiri la Mphunzi minda ndi yotsetsereka, yamiyala, ndipo iye ankaunga mizere kuchokera kumtsinje mpaka kumene anyani amayambira ufumu wawo, osaweramuka.

Anali ndi luso linanso, limene ife akazi sitilidziwa. Zilombo za gule wamkulu si anthu, zimachokera kumanda, ndipo ine ndimavomereza zimenezo mpaka lero. Kungoti panali chilombo china chimene chinkabwera pamaliro chitavala masanza, n'kumatsanzira nkhalamba yoledzera mpaka anamfedwa kuiwala kulira. Chilombo chimenecho chinali ndi chala chakuphazi chopindika, ndendende ngati chala chimene mlongo wanga anapunthwa nacho pamtondo wa amayi tili ana. Kaya, mwina mizimu nayo imapunthwa pamitondo.

Kanema anatipeza m'zaka zija za khadi la chipani, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi, ndipo mayi wapakati ankagula awiri kuti wam'mimbayo asayambe moyo ndi mlandu. Galimoto ya boma inkabwera nthawi yachilimwe, n'kupachika chinsalu choyera pabwalo. Dzuwa likangolowa ankayamba ndi mtsogoleri wa dziko akuyendera minda, ife n'kumawomba m'manja mosangalala, anyamata a malaya ofiira akuyendayenda kuti aone ngati pali wina amene chisangalalo chamuchepera. Kenako kunkabwera nkhani zophunzitsa: kukumba chimbudzi, kusamba m'manja, kulima thonje limene kuno kozizira silimera n'komwe. Anthu a pachinsalupo analibe mawu. Ankawayankhulira ndi bambo wina amene ankakhala m'galimotomo ndi chimkuzamawu.

Ine nthano ndinayamba kukamba ndili mtsikana, potong'ola chimanga, ndipo ndinazindikira msanga kuti munthu wa m'nthano amafunika akhale ndi pomuyabwa. Akhale ndi chimene akubisa, kapena chimene akuchifuna koma akuchita manyazi kuchitchula. Akakhala wopanda poyabwa, amene akumvetsera amasiya kuyankha, kenako umangomva wina akuliza mkonono. Anthu a m'kanema wa boma analibe poyabwa. Ankangomwetulira atavala malaya ochapa. Mayi ankatuluka m'chimbudzi akumwetulira, ngati wasiyamo mlendo wofunika. Tinkaonera ndithu, chifukwa kuwala kwakeko kunali kwachilendo, komanso chifukwa kusaonera kunali ndi mafunso ake.

Chaka china, nthawi yososa m'minda, mlangizi wa zaulimi anabwera ndi abambo awiri a kutauni, atanyamula makina ojambulira a miyendo itatu. Anati akufuna kukonza kanema wophunzitsa anthu kuunga mizere yopingasa phiri, ndipo akufuna alimi awiri, wina wanzeru, wina waulesi. Sanafunse kuti amalima ndani. Anaimika amuna pabwalo n'kumawayang'ana kumaso ngati akugula mbuzi.

Wanzeru anasankha msuweni wathu, mwana wa amalume, mwamuna wamtali wa mano oyera. Msuweni wathuyo anali asanamalizepo mzere chibadwire, ndipo kuchikamwini anali atamubweza kale ndi mphasa yake. Waulesi anasankha mlongo wanga, chifukwa cha makutu aja.

Mlongo wanga anakondwa. Choyamba, boma sankalikana. Chachiwiri, iye anaona ngati amuitanira kubwalo. Munda wa mlimi wanzeru anajambula wa mlongo wanga, msuweni ataimamo ndi khasu lobwereka. Munda wa mlimi waulesi anajambula wa msuweni, poti sipankafunika kukonzapo chilichonse.

Tsiku lojambula waulesiyo ndinapita kumundako ndi thobwa la alendo. Ndinapeza mlongo wanga atagonekedwa pansi pa mtengo, chipewa chili kumaso, wamkulu wa alendowo akumuuza kuti asagwedezeke.

Ndinatula thobwa, ndinagwada, ndinati, “Pepani bwana, ameneyu wamwalira kapena?”

“Ndi waulesi, mayi. Akugona.”

“Waulesi sagona kumunda, bwana. Kumunda kumadutsa anthu. Amene amagona kumunda ndi amene watopa.”

Bwanayo anali munthu wabwino mtima, kapena thobwa linamufewetsa. Anandifunsa kuti nanga waulesi amatani.

Ndinamuuza kuti waulesi ndiye munthu wotanganidwa kuposa onse m'mudzi. Amalawirira kumunda kuti anthu amuone. Akafika amavula malaya, n'kuwapachika, n'kuona kuti nthambiyo si yabwino, n'kufuna ina. Amalavulira m'manja. Amakweza khasu, koma lisanafike pansi amaliimitsa, n'kuliyang'ana ngati lamunyoza. Amakhala pansi kulinola. Akanola amaliyesa ndi chala, n'kupukusa mutu, n'kunolanso. Kenako amaona kuti mpini wagwedera. Akakonza mpini amanunkhiza fodya, n'kuyang'ana kumwamba kuyeza mitambo, n'kupita m'malire kukalangiza mnzake kaungidwe ka mizere. Dzuwa likafika pamutu amavala malaya, n'kubwerera kumudzi akugwira msana.

“Chimene akubisa, bwana, n'chakuti khasu amaliopa,” ndinatero. “Ndiye amalisamala ngati mkazi wa mwini.”

Msuweni wathu anali ataima pomwepo. Anavomera ndi mutu, nati, “Zoona zimenezo, alipo anthu otero.”

Mlongo wanga sanafune kumuuza kawiri. Anadzuka, anatenga khasu, ndipo zimene ndinanena ndi pakamwa iye anaziika m'thupi. Anawonjezera zake. Poyesa khasu ndi chala ankatseka diso limodzi, makutu aja n'kumayenda okha. Wogwira makina anaseka mpaka miyendo itatu ija inanjenjemera, ndipo anachita kubwereza kujambulako. Madzulo ake alendo anapakira katundu wawo n'kumapita.

Ife tinaiwala. Kwathu gule akatha chilombo chimabwerera kudambwe, kumalo kwake kobisika, ndipo m'mawa mwake aliyense amatenga khasu lake, palibe amene amaloza mnzake chala. Tinkayesa kuti kanema nayenso ali ndi kudambwe kwake.

Mvula inagwa, tinalima, tinakolola. M'miyezi imeneyo mlongo wanga anapeza mbeta kuseri kwa phiri, cha ku Kabwazi, mtsikana wamfupi wolankhula mosazungulira amene anakumana naye akugulitsa kachewere pamsika. Anamupatsa mpango wa chikole, mtsikanayo analandira, ndipo kwawo anamva nkhaniyo mosakwiya. Amalume athu anali kumigodi ku Joni, choncho unkhoswe unagwera ine. Zonse zinali kuyenda ngati madzi a mumfuleni.

Kenako galimoto ija inabwera ndi kanema wathu. Inayambira kuseri kwa phiri.

Pamene inkafika kwathu n'kuti midzi yonse ya uko itaonera kale. Tinakhala pabwalo titafunda zitenje, kukuzizira. Mtsogoleri anayendera minda yake, tinawomba m'manja. Kenako pachinsalu panatulukira nkhope ya mlongo wanga, yaikulu ngati chitseko, khutu lililonse ngati lichero. Bambo wa chimkuzamawu anali atamupatsa dzina lachipongwe, limene sindilitchula chifukwa adzukulu ake alipo ndipo ena ndi aphunzitsi. Anthu anaseka mpaka ana akumbuyo anadzuka n'kuyamba kulira. Atafika poyesa khasu ndi chala, nkhalamba ina anachita kuitulutsa pabwalo kuti ikapume.

Mlimi wanzeru anaonekanso. Anamwetulira, analoza mizere, anamwetuliranso. Nthawi imeneyo ndi imene anthu ankapita kukataya madzi.

Za mizere yopingasa phiri palibe anazigwira. Chimene dera lonse linaphunzira ndi kanoledwe ka khasu. Ana ankatsanzira ndi ziguli za chimanga. Akazi ankati mwamuna akangokhala pansi kumunda, amuitane ndi dzina lija. Mlongo wanga masiku oyamba ankayenda monyada, poti ngakhale ku Dedza Boma anthu ankamuloza. Kunyadako kunatha tsiku limene kamtsikana kena kanabwera kuchokera kuseri kwa phiri, kanagwada pakhomo pathu, n'kusiya mpango uja utapindidwa bwinobwino.

Anakhala pakhonde ndi mpangowo m'manja, osadya. Ndinamuuza kuti, “Iwe, mbeta zatha m'dziko muno?”

“Achemwali, ine ndikufuna yomweyo.”

“Ndiye ukulira chiyani? Anthu aja sadziwa kusiyanitsa gule ndi munthu?”

“Pitani mukawafunse. Paja pakamwa ndi panu pomwe.”

Ndinapita. Anandilandira amalume ake a mtsikanayo, mwini mbumba, bambo woonda wosathamanga polankhula. Amake mtsikanayo anakhala chapatali pamphasa, chammbali, akusankha nyemba. Mtsikanayo anali m'khitchini, kumene kumamveka zonse.

Titapatsana moni ndinati, “Tabwera kudzamva chimene mpango wathu walakwa.”

“Mpango sunalakwe, mayi. Ife tikufuna mkamwini. Mlongo wangayu ndi wamasiye, munda wake ukufuna mwamuna. Tinamuona mwana wanuyo kagwiridwe kake ka khasu.”

“Munda wabwino munauona m'kanemamo, wa mizere yokongola uja, ndi wake. Anaunga yekha.”

“Mwini wake wa munda umenewo tinamuona. Wamtali uja.”

“Mukumukumbuka nkhope yake?”

Anaganiza pang'ono. “Ayi. Koma analipo.”

Ndinaona kuti njira imeneyo yatsekeka, ndinadzera ina. Ndinkadziwa kuti bamboyo kudambwe si mlendo. Ndinati, “Bambo, ine ndine mkazi, za amuna sindizidziwa. Koma chilombo chikagwira nkhuku ya munthu pamaliro, mumakalipiritsa amake?”

“Chilombo chilibe amake.”

“Eya. Nanga chija munaona pachinsalu chili ndi amake?”

“Mwalankhula bwino, mayi. Koma chilombo chimabisa nkhope. Chimavala chigoba kuti zimene chachita zitsalire pachigobapo. Uyu chigoba chake chinali kuti? Ine ndavi...” Anatsokomola. “Ine ndaonerapo magule ambiri. Sindinaonepo munthu akutuluka pabwalo ndi nkhope imene anabadwa nayo. Wovina ndi nkhope yake sakuvina, akuulula.”



“Komanso,” anapitiriza, “zija si zongopeka. Kuja kopachika malaya kawiri. Kuja koyesa khasu ndi chala. Amene anakonza zimene zija waulesi amamudziwa, anakula naye nyumba imodzi. Bodza silikhala lokwanira chonchija.”

Pa moyo wanga wonse palibe munthu anayamikirapo luso langa ngati mmene anachitira bambo ameneyo, ndipo anachita izi akundibwezera mpango. Chapatali paja ndinaona mapewa a amake mtsikana akugwedezeka. Atangomva za chala, nyemba zinayamba kudumpha m'lichero.

Mtsikana uja anatuluka m'khitchini, anagwada pafupi ndi amake, n'kulankhula ngati akunong'ona, koma mokweza moti ndi nkhuku zomwe zinamva. “Amayi, auzeni amalume awapatse munda wa pachulu uja. Akalephera ndiye mubweze mpangowo.”

Munda wa pachulu unali tsala, unagonera zaka, wodzaza tsekera ndi miyala. Amalume aja anavomera mosavuta, ngati munthu amene wapatsidwa mpeni woti amalizire nyama. Anati akaunga mizere munda wonsewo mvula isanagwe, tidzakhalenso pansi.

Mlongo wanga atamva anaseka koyamba chibwerere mpango. Munda ngati umenewo kwa iye unali chakudya. Chimene sitinachiganizire ndi anthu.

M'mawa woyamba anapeza m'malire mwa munda mutakhala kale anthu. Ana, nkhalamba, amuna amene anasiya minda yawo, ena atabwera ndi timipando. Anamva kuti waulesi wa m'kanema abwera yekha, waulere, masana, wopanda nsalu. Atavula malaya anthu anagwirana m'nthiti. Iye anawaponya pansi osayang'ana nthambi. Sanalavulire m'manja. Anayamba kulima, ndipo anthu anadikira.

Dothi la nthawi imeneyo limakhala ngati mwala, ndipo pakati pa dothilo panali miyala yeniyeni. Khasu ankanolera kwathu asananyamuke, koma pofika dzuwa lotentha linkakhala litabuntha ngati chipande. Mlimi aliyense akafika pamenepo amakhala pansi n'kunola. Iye akangoweramuka n'kuyang'ana kumene kuli mwala, m'malire monse munkamveka kayendedwe ka anthu akukhala bwino. Ndiye ankaweramanso n'kupitiriza ndi khasu lobuntha.

Masiku anapita chonchi. Manja ake, amene anali olimba ngati chikopa cha ng'ombe, anatuluka matuza, matuzawo anaphulika, mpini unada ndi magazi. Mizere inkayenda pang'onopang'ono, yopyapyala, yosafanana ndi yake. Kumbali ya ku Mozambique mitambo inayamba kuunjikana madzulo alionse. Ndinkamuperekeza ndi madzi akumwa, ndipo ndinamuuza panjira kuti, “Nola khasu, iwe. Kuseka sikupha.”

“Ndikanola, achemwali, ndiye kuti ndine yemwe uja.”

“Ukapanda kunola mvula ikupeza, ndiye ukhala yemwe uja ndithu.”

Anthu oonerera nawo anayamba kudandaula kuti kanema wake anali bwino kuposa mwini wake.

Amake mtsikana sankakhala ndi gulu. Kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anizana kumaso, sakhala pamodzi, akakumana panjira wina amalowa patchire. Ukwati unali usanavomerezedwe, koma mayiyo anaona kuti n'kwabwino kuyambiratu kusamala, choncho ankaonera atabisala kuseri kwa chulu chija. Aliyense ankadziwa kuti ali kumeneko, ndipo aliyense ankachita ngati sakudziwa.

Tsiku lina, mabingu atayamba kumveka patali, munda utatsala pafupifupi theka, mtsikana uja anatulukira kuseri kwa chulu atasenza mwala wonolera. Anadutsa pakati pa mizere anthu onse akuona, anagwada, n'kuutula pamapazi pa mlongo wanga.

“Amayi akuti munole khasulo. Akuti mukuwapwetekera munda.”

“Anthu aseka,” iye anatero chapansipansi.

“Anaseka kale, anatha. Ine ndikalambire pakhomo pa amayi chifukwa inu mukuchita manyazi ndi mwala?”

Anaimirira n'kubwerera osadikira yankho.

Mlongo wanga anayang'ana mwalawo, anayang'ana mitambo, kenako anakhala pansi. Analavulira pamwala n'kuyamba kunola, mwakachetechete, mosaonjeza kanthu, monga amanolera munthu amene ntchito ikumudikira. Anthu anaona magazi pampini paja, ndipo kuseka kumene anakusunga masiku onsewo kunawathawa. Ena anayang'ana pansi. Ine ndinati basi, tapulumuka.

Atamaliza, dzanja linachita zimene linazolowera chibadwire. Anakweza khasu, analiyesa ndi chala. Diso limodzi linatsekeka lokha. Makutu anayenda.

Kuseri kwa chulu kunamveka kaphokoso ngati ka mbuzi yotsamwa. Kenako kunaphulika chiseko, cha munthu mmodzi, chachikulu, chosaletseka, ndipo mayi uja anagubuduka kuchoka kuseri kwa chulu n'kugwera poyera, chitenje kukamwa, misozi ili mbwee, akuloza mlongo wanga ndi chala. Anayang'anizana maso ndi maso. Mayiyo atazindikira chimene wachita anadzuka n'kuthawira kumudzi, akusekabe, akulira ndi manyazi.

Palibe wina anaseka. Anthu ananyamula timipando tawo mmodzimmodzi. Mlongo wanga anaimirira ndi khasu lakuthwa, ndipo mizere imene anaunga madzulo amenewo inali yake yeniyeni.

Dzuwa lisanalowe, mtsikana uja anabweranso kumundako atanyamula nkhuku yoyera yomanga miyendo. Anati amayi ake apepesa. Amalume aja anali ataima m'malire, akuyang'ana mizere, ndipo nkhukuyo inawadutsa pamaso. Anaitsatira ndi maso mpaka inafika m'manja mwa mlongo wanga.

Anatembenukira kwa ine. “Mayi, mlendo ukamuseka umangomupepesa ndi pakamwa. Nkhuku imapita kwa mkamwini.” Anapukusa mutu. “Mlongo wangayu waweruza mlandu ine ndisanakhale pansi. Ndikanenso chiyani, nkhuku yalandiridwa kale? Mubwere nawo mpango uja.”

Munda anaumaliza ndithu, mvula yoyamba ikumuwaza kumsana, ngakhale panalibenso amene ankawerengera. Anakhala pamudzi umenewo mpaka imfa yake, nkhokwe za apongozi ake zosaphwa. Koma khasu sananolerenso pagulu. Ankapita nalo kuseri kwa nkhokwe ngati munthu wopita kukadzithandiza, ndipo ana ake anakula akuyesa kuti kunola khasu ndi mwambo wachinsinsi.

Msuweni wathu anakalamba akufunsa anthu pamowa ngati akumukumbuka m'kanema muja. Ankamuyankha mwaulemu kuti, “Kodi munalimo inunso?”

Apongozi aja sanamuyang'anenso mlongo wanga kumaso, monga mwa mwambo. Akamuona akubwera ankapatuka, n'kuyang'ana kutchire mpaka adutse. Patapita zaka galimoto ija inabweranso ndi kanema yemwe uja, atakalamba, akudukaduka, mvula ya timizere ikugwa pachinsalu. Mlongo wanga anatsala kunyumba, akuti mutu. Apongozi ake anafika pabwalo anthu onse asanafike, anayala mphasa kutsogolo kwenikweni, nanditumira mwana kuti ndikakhale nawo. Ndinawanong'oneza kuti, “Kodi si mkamwini wanu ameneyu mukufuna kumuyang'anitsitsa chonchi?”

“Mkamwini wanga ali kunyumba, mutu ukumupweteka,” anatero, akukonza chitenje. “Ichi n'chilombo. Khalani chete, chayamba kuvula malaya.”